Vesi mwaliwerenga, koma kodi mwakhala nalo?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo anga mwa Ambuye? Inu amene muli kale pa siteji kudikira minibasi, inu amene mukutenthetsa madzi a ana asukulu, komanso inu amene mukuweruka kumene ku ntchito ya usiku, mtendere wa Khristu ukhale nanu.

M'mawa uno titsegule Yoswa 1:8. Mose wamwalira, mtsinje wa Yordano uli patsogolo, ndipo Aisraele onse maso ali pa Yoswa. Pa nthawi yothina chonchi Mulungu akumuuza kuti buku la chilamulo lisachoke pakamwa pake, azilingalira za m'menemo usana ndi usiku, kuti asamale kuchita zonse zolembedwamo. Salimo 1 likunenanso zomwezi pofotokoza za munthu wodala: chimwemwe chake chili m'chilamulo cha Yehova, ndipo amachisinkhasinkha usana ndi usiku.

Blantyre ndi mzinda wopemphera, palibe angatsutse. Lachinayi mumakumana ndi amayi a Mvano atatchena yunifolomu yawo akupita kutchalitchi. Akatolika amasonkhana m'malimana, ena korona ili m'manja. Lachisanu usiku ma overnight amamveka kuchokera ku Ndirande mpaka ku Bangwe. Nthawi ya nkhomaliro ogwira ntchito m'tauni amasiya chakudya n'kuthamangira ku mapemphero, ndipo Loweruka m'bandakucha anthu amakwera phiri la Soche kapena la Ndirande atanyamula Baibulo ndi botolo la madzi. Ngakhale basi ya ku Wenela isananyamuke, mumaimirira mlaliki. Zonsezi ndimazikonda, ndipo pasapezeke wonena kuti ndanyoza kusala kudya kapena kuchezera m'pemphero. Yesu mwini anachezera usiku wonse kuphiri akupemphera asanasankhe atumwi ake 12 aja, monga tiwerenga pa Luka 6:12-13.

Chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti pakati pa zabwino zonsezi, chinthu chimene Mulungu analamula Yoswa ndi chimene chikusowa kwambiri. Popemphera, olankhula ndife. Poimba, mawu ndi athu. Posala kudya, tikulanga thupi. Pomvera ulaliki, abusa kapena ansembe ndi amene anakhala pansi ndi ndimeyo sabata yonse, ife tikungolandira zomwe iwo anapezamo. Ngakhale kabuku ka mawu a tsiku ndi tsiku kamene ambiri timawerenga m'mawa, kapena uthenga ngati uno, ndi maganizo amene wina anasinkhasinkha kale. Koma kusinkhasinkha kwenikweni palibe angakuchitireni. Kulibe yunifolomu, kulibe pologalamu, kulibe wotsogolera, ndipo palibe amene adzakuyamikireni chifukwa palibe adzakuoneni. Mwina n'chifukwa chake timakuthawa. Munthu angathe kukhala wa kwaya zaka zambiri, osajomba overnight ngakhale imodzi, koma asanakhalepo chete ndi vesi limodzi mpaka vesilo litamufunsa funso.

Taonani kuti Mulungu anati mawuwo asachoke pakamwa. Masiku amenewo munthu wamba analibe mpukutu wakewake kunyumba. Ankamva chilamulo chikuwerengedwa, n'kuchisunga pamtima, n'kumachibwereza chapansipansi akuyenda kapena akugwira ntchito. Deuteronomo 6:6-7 imati mawu awa azikhala pamtima, ndipo tiziwalankhula pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Ngakhale amene anali ndi mpukutu ankawerenga motulutsa mawu. Filipo anachita kumumva mdindo wa ku Itiyopiya uja akuwerenga Yesaya m'galeta lake, pa Machitidwe 8:30. Agogo athu ambiri amene sanapite patali ndi sukulu ankachita zomwezi. Vesi limene analimva Lamulungu ankapita nalo kumunda, kumtondo, kuchitsime, ndipo pofika Lachitatu linali lawo.

Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo anthu ngati David Clement Scott, yemwe anatsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891, anathera nthawi yawo akumasulira Malemba m'Chimang'anja. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922, Malembo Oyera mu 1966, Buku Loyera mu 1998. Lero mabuku onse a m'Baibulo ali mu foni imene mwagwirayo. Yoswa anali ndi chilamulo cha Mose chokha. Ife tili ndi aneneri, Masalimo, Mauthenga Abwino ndi makalata a atumwi, m'chilankhulo chimene tinayamwa. Koma vesi likafika pa foni m'mawa, timaliona mphindi imodzi, kuyankha kuti Amen, kulitumiza ku magulu ena atatu, basi tapita. Akatifunsa masana kuti vesi lija limati chiyani, timayamba kufufuza mu foni.

Inu a kuno mukudziwa kusiyana kwa mvula ya mkuntho ya mu Januwale ndi chiperoni. Ya mkuntho imabwera ndi mabingu, aliyense amaimva, koma madzi ake ambiri amathamangira m'ngalande n'kukathera mu Mudi. Chiperoni chimangowaza pang'onopang'ono, tsiku lonse, mwina masiku angapo, chopanda phokoso, ndipo ndi chimene chimathandiza tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje kukhalabe wobiriwira m'miyezi yopanda mvula. Misonkhano yathu ikuluikulu ili ndi malo ake, koma mawu amalowa pansi pa mtima mwa njira yachiwiriyi.

Apa ndichenjezeko pang'ono, chifukwa masiku ano pa intaneti pali ambiri ophunzitsa za kusinkhasinkha. Ena amati tseka maso, chotsa maganizo onse, mutu ukhale wopanda kanthu. Kukhala chete n'kwabwino ndithu, ndipo kupuma bwino kumathandiza thupi, koma zimene Baibulo likunena si zimenezo. Wamasalimo sakhuthula mutu wake, amaudzaza. Pa Salimo 77:11-12 akukumbukira ntchito za Yehova ndi zodabwitsa zake zakale. Pa Salimo 63:6 akukumbukira Mulungu ali pakama pake usiku. Paulo pa Afilipi 4:8 akutchula ndithu zoyenera kuziganizira: zoona, zolemekezeka, zolungama, zoyera, zokongola. Maganizo a Mkhristu amakhala pa chinachake, ndipo chinachakecho ndi chimene Mulungu wanena ndi chimene wachita.

Palinso njira ina yosokera imene ili pafupi kwambiri ndi ife, yosandutsa vesi kukhala chithumwa. Baibulo lotsegulidwa pa Salimo 91 n'kuliika kumutu kwa bedi, masamba ake mpaka kuchita fumbi, mwini wake osadziwa n'komwe kuti ndime yachiwiri ikuti chiyani. Kapena kubwereza vesi kambirimbiri mokuwa poganiza kuti kuchuluka kwa mawu kudzamukakamiza Mulungu, chonsecho Yesu anatiletsa zimenezi pa Mateyu 6:7. Musaiwale kuti Salimo 91 lomwelo Satana analitchula pomuyesa Yesu pamwamba pa Kachisi. Kudziwa vesi pamtima ngakhale mdani amatha. Yesu anamuyankha katatu konse kuchokera m'buku la Deuteronomo, ndipo mayankho akewo anali a munthu amene wakhala ndi mawuwo nthawi yaitali mpaka kudziwa chimene Atate akufuna.

Akhristu akale anatisiyira njira zothandiza, ndipo sizili za mpingo umodzi. M'zaka za m'ma 1100, mmonke wina wa ku France dzina lake Guigo anafotokoza masitepe anayi amene Akatolika amawadziwa kuti lectio divina: kuwerenga, kusinkhasinkha, kupemphera, ndi kukhala chete pamaso pa Mulungu. Koma imene imandikhudza kwambiri ndi ya Martin Luther. Mu 1535, ku Wittenberg m'dziko la Germany, munthu amene ankamumeta, Peter Beskendorf, anafuna kudziwa mmene angapempherere. Luther anamulembera kalata yaitali, n'kumuuza kuti atenge mawu amodzi, monga lamulo limodzi mwa Malamulo Khumi, awafunse mafunso anayi. Akundiphunzitsa chiyani? Ndiyamike chiyani? Ndilape chiyani? Ndipemphe chiyani? Anamulangizanso kuti ngati Mzimu Woyera wayamba kulankhula mumtima pa mfundo imodzi, asathamangire kumaliza zotsalazo, aime pomwepo amvetsere. Malangizo amenewa sanapite kwa bishopu kapena mphunzitsi wa zaumulungu ayi, anapita kwa wometa tsitsi, munthu ngati achimwene athu a m'mababashopu a ku Mbayani ndi ku Limbe.

Tiyeni tiyesere limodzi, ndipo ndasankha dala ndime imene siiimbidwa m'makwaya. Deuteronomo 24:14-15 imati usapondereze waganyu wosauka, umupatse malipiro ake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, pakuti ndi mmphawi ndipo mtima wake uli pa malipirowo, kuopa kuti angalirire kwa Yehova ndipo iwe n'kupezeka wochimwa. Levitiko 19:13 imati malipiro a wantchito asagone kwa iwe mpaka m'mawa.

Mukawerenga mothamanga, mudutsa. Mudzati awa ndi malamulo a Aisraele. Koma bwerezani kachiwiri, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Mtima wake uli pa malipirowo. Mukhala pamenepo kanthawi, ndipo nkhope iyamba kuoneka. Ndi mnyamata uja anatchetcha udzu kuseri kwa nyumba Lolemba, thukuta lili kamukamu, amene munamuuza kuti, "Ubwere mawa, lero ndilibe zosintha," chonsecho ndalama zinali mu foni. Anangoti, "Chabwino bwana," n'kutuluka pageti atakoleka chikwakwa paphewa. Simunafunse kuti madzulo amenewo kwawo anadya chiyani. Kapena ndi mtsikana amene amakulererani mwana, amene mwezi unatha kalekale koma akuopa kukukumbutsani. Kapena mlonda amene amagona panja mu Juni inu mutafunda mabulangete awiri.

Tsopano mafunso anayi aja. Ndaphunzira kuti Mulungu amawerenga masiku amene ndalama ya mmphawi yakhala m'thumba mwanga, ndipo amamva waganyu akamalira. Ndikuyamika chifukwa Mulungu ameneyu ndi yemwenso amandimvera ine abwana anga akachedwetsa malipiro. Ndikulapa chifukwa ndinaona ngati nkhani yaing'ono. Ndikupempha kuti andichotsere mtima wouma ndi manyazi opepesa. Ndiye pali chotsala, chimene Yoswa anauzidwa kuti ndicho cholinga cha zonse: kuti usamale kuchita. Ndalama ija ituluke lero, dzuwa lisanalowe.

Apa m'pamene pamaonekera kuti kusinkhasinkha sikulimbana ndi mapemphero athu ena, koma kumawapatsa chonena ndiponso kumawayeretsa. Pa Yesaya 58:3 anthu akudandaula kuti tasala kudya koma Mulungu sakuona. Yankho lake n'lakuti pa tsiku lomwe mukusalalo mukupondereza antchito anu. Anthu amenewa sanali aulesi pa zachipembedzo. Ankasala ndithu, ankagona paphulusa, koma chilamulo chimene ankachimva sichinafike pa malipiro a wantchito. Munthu atha kutsika phiri la Soche mawu atasasa ndi kupemphera, ngongole ya waganyu ikadali pomwepo. Zimenezi zimandiopsa, abale anga, chifukwa zikuchitika pakati pa ife okonda Mulungu, osati pakati pa akunja.

Wina anena kuti ine Baibulo limandivuta kumva. Limbani mtima ndi Mariya. Pa Luka 2:50 iye ndi Yosefe sanamvetse zimene Yesu anawayankha m'Kachisi ali ndi zaka 12, koma ndime yotsatira ikuti amayi ake anasunga zonsezi mumtima mwawo. Sanataye mawuwo chifukwa choti ndi ovuta. Vesi limene silikumveka lero lisungeni, mukafunse abusa kapena akulu ampingo, muwerenge mutu wonse kuti muone zimene zili kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Kusinkhasinkha vesi lozulidwa pamalo pake ndi kumene kwabala ziphunzitso zambiri zachilendo.

Za nthawi sindichulutsa. Ulendo wa minibasi kuchokera ku Machinjiri kapena ku Chirimba kukafika m'tauni ndi wokwanira vesi limodzi. Pamzere wa kubanki, podikira makasitomala mumsika, pochapa, podikirira wodwala ku Queens, pamene foni imatidyera nthawi, m'pamene mawu angakhale pakamwa. Amene muli ndi kabuku ka mawu a tsiku ndi tsiku musakasiye, koma mukamaliza tsamba la lero musatseke msanga. Tengani chiganizo chimodzi cha m'Malemba omwe aperekedwawo, chilembeni pakapepala kapena pachikhatho, mupite nacho. Amayi a Mvano, a kwaya, a limana, mukakumana sabata ino funsananiko kuti vesi la Lamulungu lija lakuchititsani chiyani.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikuyamikani chifukwa mawu anu anatifikira m'chilankhulo chathu. Tiphunzitseni kukhala nawo osathamanga. Pamene atikumbutsa munthu amene tamulakwira kapena ngongole imene tikuizengereza, tipatseni mphamvu yoti tikonze lero lomwe. Kumbukirani aganyu, alonda ndi antchito a m'nyumba a mumzinda uno amene akudikira malipiro awo, ndi odwala amene agona m'zipatala. Tiyendetseni bwino pamsewu ndi pantchito. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.