Mfuti Ali Nayo: Nanga Msilikali Akuphunziriranji Nkhonya ndi Mpeni?

Moni nonse, kaya mukuonera muli kuno ku Blantyre, kaya muli kutali ndi kumudzi. Mmodzi wa inu anandifunsa funso limene landisowetsa tulo sabata yonse: popeza nkhondo za masiku ano zikumenyedwa ndi madironi komanso mizinga yoponya mabomba patali, n'chifukwa chiyani asilikali akutayabe nthawi kugwetsana m'fumbi ndi kuphunzira kugwira mpeni? Mukhale nane mpaka kumapeto, chifukwa pali bodza limodzi limene ambirife tinalimeza tili ana m'tinyumba toonetsera mafilimu ku Ndirande ndi ku Mbayani, ndipo lero ndikufuna tiliike m'manda.

Mbiri yake ndiithamangitsa. William Fairbairn ndi Eric Sykes anagwira ntchito ndi apolisi a mumzinda wa Shanghai ku China, kenako mu 1940 anayamba kuphunzitsa makomando a dziko la Britain, ndipo mpeni umene anaukonza ukudziwikabe ndi mayina awo. Imi Lichtenfeld anaphunzitsa asilikali a ku Israel njira yotchedwa Krav Maga. Ku America, Matt Larsen anayamba kukonzanso maphunzirowa mu 1995 potengera Brazilian jiu-jitsu, lomwe ndi luso logwirana ndi kulimbana pansi. Tsono tipite ku phindu lake.

Choyamba, mfuti imafuna danga. Taganizirani tinjira topanikizika ta pakati pa nyumba ku Mbayani, pamene anthu awiri sangapyolane popanda wina kupendeka. Msilikali akalowa pamalo otere, kapena akakankha chitseko cha chipinda, munthu wobisala akhoza kugwira mfutiyo kunsonga n'kuyamba kukoka, ndipo pa nthawi imeneyo luso lowombera silithandiza kanthu. Chofunika ndi kusagwa pansi, kusalandidwa mfuti, ndi kumukankhira munthuyo kutali. Kafukufuku amene anatuluka mu 2014 kusukulu ya asilikali ya West Point anaunika mayankho a asilikali 1,226 a ku America amene anamenya nkhondo pakati pa 2004 ndi 2008, ndipo anapeza kuti 216 mwa iwo, kutanthauza pafupifupi 18 pa 100 aliwonse, anafikapo polimbana ndi munthu ndi manja. Zambiri mwa zimene anachitazo zinali kugwirana, osati mateche ouluka. Zimenezi n'zosadabwitsa, chifukwa munthu amene wavala chipewa cholemera, chovala choteteza ku zipolopolo ndi majombo, sangakweze mwendo kufika pakhosi pa mnzake.

Chachiwiri, pali anthu amene msilikali saloledwa kuwawombera. Asilikali athu a Malawi Defence Force anayamba mu 2013 kutumikira kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo m'gulu lapadera la United Nations, pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Ngakhale gululi linaloledwa kuthira nkhondo zigawenga, ntchito yotere imachitikira pakati pa anthu wamba, ndipo bambo woledzera amene wakana kusechedwa pamsewu, kapena mnyamata wokwiya pamzere wolandirira chakudya, safunika chipolopolo. Msilikali amene sadziwa kugwira munthu bwinobwino amatsala ndi njira ziwiri zokha, kukuwa kapena kuwombera, ndipo yachiwiriyo imapha wosalakwa. Ngakhale mayiko amphamvu zimawagwera: pa 15 June 2020, m'chigwa cha Galwan, asilikali a India ndi China anamenyana ndi zibonga, miyala ndi manja potsatira mapangano oletsa kuwomberana pamalirepo, ndipo asilikali 20 a India anafa.

Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, choncho ngati mwafika pano, dinani like ndi subscribe kuti ndalama yanu isapite pachabe.

Chachitatu ndi mtima. Munthu amene analawapo chibakera pamphuno n'kupitiriza kulimbana sachita kakasi zinthu zikavuta. Pamenepa sindichulutsa gaga m'diwa.

Tsopano tafika pa bodza lija, lakuti munthu wophunzitsidwa bwino akhoza kulanda mpeni kwa womuukira popanda kuchekedwa. Bodza limeneli limandipsetsa mtima, chifukwa ndimalionabe likuphunzitsidwa kwa anyamata amene akukhulupirira kuti likawapulumutsa akakumana ndi achifwamba usiku. M'filimu, wachiwembu amabwera pang'onopang'ono, amabaya kamodzi kokha, kenako amasiya mkono wake uli chitambasulire kudikira kuti aupotokole. Munthu wofunadi kukuphani sachita zimenezo. Amakugwirani malaya ndi dzanja limodzi, dzanja linalo n'kumabaya mobwerezabwereza ngati singano ya makina a telala wa pakhonde la sitolo ku Limbe, ndipo nthawi zambiri mpeniwo simuuona n'komwe. Anthu ambiri amene anabayidwapo amanena kuti poyamba ankangoyesa kuti amenyedwa chibakera.

Ine ndinayesa ndekha, ndipo tisheti imene mukuiona m'manja mwangayi ndi umboni. Ndinaigula yoyera mbee pa kaunjika, n'kumuveka mnzanga amene wakhala akusewera karate kwa zaka zambiri. Mng'ono wanga, amene sanaphunzirepo masewera alionse omenyana, ndinamupatsa cholembera chofiira cha maka kuti chikhale ngati mpeni, ndipo ndinamuuza kuti asachite ulemu. Ndinawapatsa masekondi khumi okha. Mnzangayo analandadi cholemberacho, mwaukatswiri ndithu, ndipo tonse tinawomba m'manja. Koma taonani apa pamimba, taonaninso m'nthitimu, ndi mzere wautali uwu wodutsa kunsi kwa khwapa. Zizindikiro zina zinali pamkono ndi pakhosi, moti anakazichotsa ndi sopo. Anapambana ndewuyo, koma ukanakhala mpeni weniweni, sindikukhulupirira kuti akanafika ku Queens akupuma.

Wina anena kuti, nanga wokhala ndi mfuti sangangowombera? Mu 1983, wapolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anasonyeza kuti munthu wonyamula mpeni akhoza kuthamanga mtunda wa mamita pafupifupi 6 ndi theka pa sekondi imodzi ndi theka, yomwe ndi nthawi imene wapolisi amatenga kuti asolole mfuti yake yaing'ono m'chiuno ndi kuwombera. Mamita amenewo ndi kutalika kwa minibasi imodzi n'kuwonjezerapo pang'ono. N'chifukwa chake mlangizi woona mtima salonjeza kuti mudzalanda mpeni. Amaphunzitsa kutalikira, kuika chinthu pakati, kaya ndi mfuti, chipewa kapena mpando, ndipo zikakanika, kukakamira mkono wa mpeniwo ndi manja onse awiri uku mukuitana mnzanu. Alangizi a asilikali a ku America amakonda kunena kuti pa ndewu ya manja amapambana ndi amene mnzake wayamba kufika ali ndi mfuti. Kunena kwa ine, ola limodzi lophunzira kumanga lamba pamkono kapena pantchafu kuti magazi asiye kutuluka lili ndi phindu kuposa sabata yathunthu yophunzira kupotokola dzanja la wachiwembu, chifukwa mtsempha waukulu ukaduka, munthu amatha m'mphindi zochepa.

Sindikunena kuti chitsulo chakuthwa chinatheratu ntchito pankhondo. Asilikali a Britain anagwiritsa ntchito beneti, mpeni wolumikiza kunsonga kwa mfuti, paphiri la Tumbledown ku Falklands mu 1982, ndiponso pafupi ndi Al Amara ku Iraq mu 2004. Koma nkhani zimenezi zimakumbukika chifukwa n'zosowa, moti mu 2010 gulu lankhondo lapamtunda la America linachotsa maphunziro othamanga ndi beneti kwa olembedwa kumene. Agogo athu a King's African Rifles, amene chipilala chawo chili ku Zomba, ananyamula zikwanje ku Burma mu 1944, ndipo ntchito yaikulu ya zikwanjezo inali kulambula njira m'nkhalango. Ngakhale asilikali a Chigurkha a ku Nepal, otchuka ndi mpeni wawo wopindika wa kukri, ali ndi nkhani yoti muimve: mu 2010 ku Afghanistan, Dipprasad Pun ataukiridwa ali yekha pamalo olondera, zipolopolo zitamuthera, anamenya mdani ndi miyendo yachitsulo yoimikira mfuti yaikulu.

Sabata yamawa ndidzakuonetsani kamangidwe ka lamba woletsa magazi uja, choncho dinani kabelu kuti musaphonye. Amene munadutsa ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, tilembereni pansipa zimene alangizi anu anakuuzani pa nkhani ya mpeni. Enanu amene mukukana zimene ndanenazi, pezani tisheti yoyera ndi cholembera cha maka, osati mpeni wa kukhitchini chonde, muyese kwa masekondi khumi, ndipo munditumizire chithunzi cha tishetiyo musanaichape.