Makalata Anu: Ndiyambe ndi Mapu Ati?

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mnyamata wina amene wangoyamba kumene Civilization VI, gemu ya pakompyuta yomanga mizinda ndi kupikisana ndi mafuko ena, imene inatuluka mu 2016. Akuti: "Ndinasankha mapu a Pangaea poganiza kuti mtunda umodzi sungavute. Ndisanamange ndi mzinda wachitatu womwe, Gilgamesh anabwera ndi magaleta ake n'kundilanda likulu. Ndinalakwitsa pati?"

Pepani achimwene, koma munadzipereka nokha m'kamwa mwa mkango. Pa Pangaea mafuko onse amaunjikana pamtunda umodzi, aliyense akhoza kukufikani wapansi. Ndiye mwatsoka munayandikana ndi Sumeria, anthu a mfumu Gilgamesh, amene magaleta ake amakhala nawo gemu ikangoyamba, osadikira luso lililonse.

Ine ndikuti yambani ndi mapu a Continents, a mitunda yolekanitsidwa ndi nyanja. Kumeneko mumakhala ndi anansi ochepa, enawo ali kutsidya, ndipo ambiri sangawoloke nyanja yakuya asanapeze luso la Cartography. Nthawi imeneyo ndi yanu: mumaphunzira kusankha malo a mzinda pafupi ndi mtsinje, kuika Campus (dera la maphunziro ndi sayansi) m'mbali mwa mapiri, kuthamangitsa achifwamba opanda mizinda (barbarians) ovutitsa m'matchire. Nkhondo imabwerabe, musadzinamize, koma imabwera mwa mlingo woti mungaisenze. Kukula kwa mapu ikani Small, mafuko 6, mulingo wa kuvuta kwa gemu Prince kapena wotsikirapo. Oponya mivi atatu pakhomo musawaiwale.

Mayi wina naye walemba: "Mwana wanga akuti ndisankhe Island Plates chifukwa kompyuta siitha nkhondo yapamadzi. Zoona?"

Mayi, mwanayo sananame, kompyuta, imene imayendetsa mafuko enawo, imadodoma ndithu ikafika pamadzi. Koma mtenderewo uli ndi mtengo wake. Pazilumba malo omangapo amachepa, ndipo anthu okakhazikitsa mizinda yatsopano sawoloka mpaka mutapeza luso la Shipbuilding. Mudzangokhala mukudina batani, kudikira. Ine ndinayesako ndili mlendo, ndinapambana ndithu, koma nditabwerera kumtunda ndinapeza kuti sindidziwa n'komwe kutchinga malire.

Kalata yomaliza ndi ya chiganizo chimodzi: "Nanga Huge?" Amenewo ndi mapu aakulu kwambiri, mafuko 12, bambo, pamene gemu wamba ili ndi maulendo 500 osinthana kusewera. Chakumapeto kompyuta imachedwa kuganiza moti mukhoza kusinza. Malizani kaye gemu imodzi pa Small, mudzatilemberenso kutiuza amene anakuyambani.