Mvula ya Lachiwiri ndi mnyamata woponya 93

Moni abale anga kulikonse kumene mukumvera, a ku Joni, a ku Leeds, a ku South Bend, ndi inu a kumudzi amene mumadikira bandulo ya usiku kuti mutsitse pulogalamuyi. Ndikujambula ndili m'galimoto chifukwa mnzanga wokhala naye wagwira ya usiku, ali mtulo. Lero mtima wanga suli m'malo, ndiye mundipirire.

Mukudziwa kuti nyengo yotentha ino ndikugwira pa mabwalo a masewera a baseball kumpoto kwa Atlanta, kuno ku America: kusalaza dothi, kuthirira, kulemba mizere yoyera, kukoka chilona chofunditsa bwalo mvula ikabwera. Lachiwiri lapitali kumwamba kunayamba kuda masana. Tonse tinaona pa foni kuti chimvula chili m'njira. Tinauza bwana kuti tikakonzekere pa bwalo lachitatu, iye akuti ayi, kakhuthuleni kaye mabini kugeti. Chifukwa chake tikuchidziwa, m'mawa anali atabweza anyamata awiri kuti asawalipire tsiku lonse. Mvula itayamba tinathamanga, koma chilona chija n'cholemera, anthu ochepa sangachifunyulule msanga. Pomwe timafika pakati, dothi lonse linali phala. Masewera a pa bwalo limenelo anathera pomwepo.

Chimene chikundiwawa ndi amene anali kuponya mpira pa nthawiyo. Mnyamata wa zaka 17, wamtali, woonda, wakuda ngati ife. Mayi ake ndinacheza nawo m'mawa pampanda, amagwira ntchito yosamalira okalamba monga achemwali athu ambiri kuno. Anasinthana mashifiti ndi anzawo, anayendetsa galimoto usiku wonse kuchokera ku Alabama. Kuti mwana alowe m'matimu oyendayenda amenewa pamafunika madola masauzande pa chaka, kuwonjezapo mahotela ndi mafuta. Mayiwo akhala akusonkha ndalamazo kuti mwana wawo aonedwe, basi. Osati apambane, aonedwe.

Ndiye ndikuuzeni za oonawo, ma scout, anthu otumidwa ndi matimu kudzafufuza osewera aluso. Amakhala kuseri kwa neti, zipewa zazikulu kumutu, nkhope zopsa ndi dzuwa, salankhula zambiri. Aliyense ali ndi kamfuti koyezera liwiro la mpira, wotchi ya masekondi m'khosi, ndi kabuku. Woponya akangokweza mwendo, timfuti tonse timadzuka pamodzi. Mpira ukalira m'gulovu, mitu yonse imawerama, kulemba. Saombera m'manja, samwetulira. Ine amandikumbutsa ogula fodya ku okushoni ku Kanengo, amene amangodutsa pa belo, kufinya tsamba, kulemba mtengo, mlimi ali poteropo mtima uli m'mwamba. Mnyamata uja ataponya woyamba ndinasuzumira kamfuti ka mmodzi: 92. Wachiwiri 93, mamailosi pa ola amenewo. Ndinaona awiri akunong'onezana, wina n'kutulutsa foni kuitana mnzake. Anangotulutsa omenya anayi, kenako mphezi, kenako mvula. Ma scout anapinda mipando, ulendo ku bwalo lina la kapinga wapulasitiki kumene kunali mwana wotchuka kale, amene dzina lake lili pa mindandanda yonse ya pa intaneti.

Usiku wake, paja ndimathamangitsanso anthu ku eyapoti, ndinanyamula mmodzi wa iwo, madala a imvi amene akuti akhala pa ntchitoyi kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinawafunsa kuti, akuluakulu, mumalemba chiyani m'kabukumo? Anaseka, n'kundimasulira. Womenya amamuyeza zinthu zisanu: kulondola pomenya, mphamvu, liwiro, kuwakha, ndi mkono. Chilichonse amachipatsa malikisi kuyambira 20 mpaka 80, ndipo 50 ndi mlingo wa wosewera wamba wa mu ligi yaikulu ya MLB. Akuti 80 saipereka wamba, munthu ukhoza kutha zaka osailemba. Amayeza mwana pothamanga mayadi 60. Amayeza kuchoka pomenyera kukafika pa base yoyamba, malo oyamba amene womenya amathamangirako akamenya mpira, womenya wamanja wabwinobwino ndi masekondi 4.3. Wowakha amene amakhala kumbuyo kwa womenya, mpira uchoke m'gulovu mwake kukafika pa base yachiwiri m'masekondi awiri. Koma akuti manambala makina amawerenga okha masiku ano. Chimene iwo amalipidwira ndi kuona mwana akalakwitsa amatani, amalankhula bwanji ndi mayi ake, akafika pabwalo amayamba kugwira chiyani. Amapita mpaka kunyumba kwake kukakhala pabalaza ndi makolo.

Ndipo madalawo sasankha okha. Iwo ndi scout wa dera, amalemba lipoti. Kenako pamabwera wamkulu wodzayerekeza mwanayo ndi ana a madera ena, kenako bwana wa ma scout onse a timu. Ana a Lachiwiri aja si a draft ya July uno, mwambo umene matimu a MLB amasankhira osewera atsopano mosinthanasinthana, ndi a chaka chamawa. Amayamba kuwatsata kudakali chaka chathunthu. Ndiye mwana akaphonya kuonedwa m'nyengo ino, dzina lake limalowa mochedwa m'mabuku, ndipo mipata yachepa. Kale draft inali ya maraundi 40, kuyambira 2021 ndi 20 okha. Madalawo anandikumbutsa za Mike Piazza, amene timu ya Dodgers inamutenga mu raundi ya 62 mu 1988, lero ali mu Hall of Fame, gulu la akatswiri olemekezeka a baseball. Atabadwa lero raundi imeneyo kulibe. Ngakhale Mike Trout mu 2009 anatengedwa wa nambala 25, chifukwa kwawo ku New Jersey kumazizira, masewera amayamba mochedwa, mvula imawasokoneza, ambiri sanamuone mokwanira. Mvula yomweyi abale.

Za ndalama musandifunse, mutu umazungulira. Paul Skenes, woyamba kusankhidwa mu 2023 ndi Pittsburgh Pirates, anasainira madola 9.2 miliyoni asanaponye mpira ndi umodzi womwe wa ligi. Koma amenewo ndi apamwamba ochepa. Wina womaliza koleji, wopanda kwina kothawira, amapatsidwa timadola tochepa n'kukwera basi ya ma minor league, maligi ang'onoang'ono a pansi pa MLB, zaka ndi zaka, ndipo ambiri ligi yaikuluyo amangoionera pa TV ngati ife.

Ndibwerere kwa bwana uja, chifukwa nkhani siinathe. Lachisanu polandira, ndapeza maola a Lachiwiri adulidwa. Akuti masewera anaima, ndiye ntchito kunalibe. Ntchito kunalibe? Ife tinakhala mpaka mdima tikukankha madzi, tikuthira matumba a dothi louma, nsapato zodzadza matope, kuti Lachitatu ana asewere. Ndinamupita pamaso. Ndinatulutsa foni, kumuonetsa chithunzi cha khadi yanga, nthawi yolowera ndi yotulukira. Anayamba chibwibwi, akuti kompyuta inalakwitsa. Ndinamuuza kuti kompyutayo ikonze ya anzanga onse, a ku Guatemala ndi a ku Haiti omwe, apo ayi Loweruka akoke yekha chilona. Dzulo ndalama zalowa, za tonse.

Apa ndiye ndimafuna mumvetsere, makamaka inu mwangofika kumene. Jambulani khadi yanu tsiku lililonse. Lembani m'kabuku, ola lolowera, ola lotulukira, amene anakutumani. Dziko lino chinthu chosalembedwa sichinachitike. Kwathu timadalira mawu a munthu, timati ndi achimwene, sangandibere. Kuno achimwene kulibe pa nkhani ya maola. Musaope kuti Chingerezi chanu n'chothyoka, nambala ilibe Chingerezi. Komanso musamapite nokha. Ukapita wekha amakuchotsa pa ndandanda ya sabata yamawa mwakachetechete, mukapita asanu amayamba kukuitanani ndi maina anu. Amalawi timatchuka ndi ulemu, ndipo ulemu umenewo ndimaunyadira, koma ena amautenga ngati chilolezo chotidyera masuku pamutu. Gwira ntchito yako bwino koposa onse, kuti tsiku lolankhula likafika asakhale ndi pokugwira.

Mayi aja ndinawaonanso Lachitatu akukweza zikwama. Timu yawo inali itatuluka, mwana sanaponyenso. Ndinawauza zimene madala aja anandiuza m'galimoto, kuti dzina la mwanayo analilemba ndipo adzapita ku sukulu yake nyengo ya masewera ikayamba. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Ndikamaona ana amenewa ndimakumbuka anyamata a kwathu ku Nkhotakota, amene ankagenda mango ali patali, mwala umodzi bango limodzi. Ndimakumbuka atsikana a fulaye, mkono wake wosati masewera. Palibe anabwerapo ndi kabuku. Taonani Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, atangopatsidwa bwalo ku Kansas City anamwetsa zigoli 20 mu 2024, n'kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi kuno. Tsiku limenelo ndinayenda chifuwa chili patsogolo pa ntchito, aliyense ndimamuuza kuti ameneyo ndi wakwathu.

Mbale wina wa ku Randburg, ku Joni, anandifunsa pa WhatsApp ngati mwana wake angalowe mu draft. Achimwene, draft ndi ya okhala ku America, Canada ndi Puerto Rico, kapena amene akuphunzira sukulu kuno. Travis Bazzana wa ku Australia, woyamba kusankhidwa mu 2024, anadzera ku koleji ya Oregon State. Ana a maiko ena, monga a ku Dominican Republic ndi Venezuela, amasaina mwachindunji ndi timu akakwana zaka 16. Njira imeneyo ndi imene anadzera Gift Ngoepe, ndipo iyeyo anakulira pomwe mulipo, m'kachipinda ka pa bwalo la Randburg Mets kumene mayi ake ankagwira ntchito. Pirates inamusaina mu 2008, anapirira m'ma minor league mpaka April 2017, n'kukhala woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu MLB. Ndiye musayambe ndi kufunsa za visa. Mutengeni mwanayo Loweruka mupite naye ku bwaloko, mufunse za timu ya ana, ndipo munditumizire voice note mundiuze kuti akulipiritsa zingati.