Dzuwa lili pamutu, ana ali pakhomo, ntchito ya manja ikudikira

Zikomo amayi a pampando. Azimayi anzanga, azibambo, ndi inu achinyamata mwathawira pafupi ndi chitseko kuti kamphepo kazikupezani, muli bwanji nonse? Ndikuona ena mwasandutsa makope kukhala zokupizira. Pirirani pang'ono, malatawa akutiwotcha tonse.

Ine ndimakhala konkuno ku Mtendere mu Lusaka, kwathu ndi ku Katete. Ntchito yanga ndi ya nsalu, kumanga ndi kunyika mu utoto, ija timati tie and dye, komanso batiki, ija timalemba pansalu ndi phula losungunula tisanainyike mu utoto. M'chipinda muno ndaonamo osema, oumba, osoka, ojambula, ndi anyamata awiri oimba. Andipempha kuti ndilankhule za nyengo ino, kuchokera Seputembala mpaka Khirisimasi, chifukwa ndi pamene zonse zimatigwera pamodzi. Dzuwa lafika pachimake, maoda a maukwati ndi ma kitchen party achuluka, ana akulemba mayeso kenaka atsekera, kumudzi akuimba foni kuti mvula yayandikira feteleza palibe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndinagwapo, ndipo ndiyambira pomwepo.

Chaka china, mwezi ngati uno wa Okutobala, ndinalandira oda ya nsalu 12 zofanana za komiti ya kitchen party. Sindinauze munthu kunyumba kuti zikufunika Lachisanu. Ndinkagwira mobisa, ngati munthu wotapa ndiwo mumphika eni ake ali panja. Nditsuke mbale, ndithamangire ku nsalu. Mwana alire, ndisiye, ndibwerenso. Lachinayi madzulo ndinateleka phula pa mbaula kuseri kwa nyumba, malasha ali ngwee, ndipo mzime wanga anagwa pakhonde n'kung'ambika mlomo. Ndinathamangira mwana. Pobwerera ndinapeza poto akufuka utsi woyera, kenaka moto lawi! Dzanja langa linali litagwira kale ndowa ya madzi. Apongozi anga, amene anabwera kudzaonana ndi adokotala a maso, ndiwo anandikankha n'kuvundikira potoyo ndi chivundikiro cha mphika wa nsima. Moto unazima. Ndikanathira madziwo phula loyaka likanathovukira kumaso kwanga. Nsalu zitatu zinapita.

Usiku umenewo bambo a kunyumba anandifunsa modekha, nkhope ili gwa: "Amake mwana, muno tikukhala m'nyumba kapena m'fakitale?" Ndinapsa mtima, ndinalira. Koma apongozi anafunsa funso lina: "Nanga inu munatiuza kuti muli ndi ntchito ya Lachisanu? Ine ndakhala tsiku lonse ndikungosenda mtedza, mwanayu ndikanamugwira." Ndinasowa choyankha. Zaka zonsezo ndinkadandaula kuti a m'nyumba salemekeza ntchito yanga, chonsecho ine mwini ndinkaichita ngati yakuba. Nthawi ya nsima aliyense amaidziwa, nthawi ya tchalitchi amaidziwa. Nthawi ya nsalu zanga inalibe dzina, ndiye aliyense ankangolowamo.

Kuchokera pamenepo, Lamulungu lililonse tikadya chamadzulo ndimanena pamaso pa onse kuti sabata ino ndili ndi nsalu zakuti, mwini wake abwera tsiku lakuti, ndalama yake igula chakuti. Mawu omalizawo ndiwo amagwira mtima. Mwana akadziwa kuti nsalu yayanikidwa apoyo ndi nsapato zake za Januwale, mpira amakakankhira kwina.

Tsopano za dzuwa. Lino silipikisana ndi munthu, umangoligawira ntchito. Masiku ano kumacha isanakwane 6 koloko, ndipo ine 4 koloko imandipeza ndadzuka. Phula ndimasungunula nthawi imeneyo, ana ali m'tulo, mbaula ilibe wodutsapo. Si chifukwa cha ana chokha. Masana a Okutobala phula limachedwa kuuma pansalu, limayenderera kupitirira mzere umene walemba, ndipo nsalu yopaka phula ukaiyanika padzuwa phulalo limafewa, utoto n'kulowa pamene sunaufune. Yanikani pamthunzi. Pofika 6 koloko ndazimitsa moto, ndavula magolovesi, ndine mayi wa ana, tiyi ndi yunifomu. Akachoka ndimanyika ndi kutsukuluza mpaka cha m'ma 10, malingana ndi madzi ngati atuluka pampopi. Masana enieni sindilimbana nawo. Ndimakhala pansi pa mtengo wa mango, kumanga mfundo, kupinda m'mphepete, kuyankha makasitomala pa WhatsApp, ntchito zoti mwana akandiitana ndingathe kuika pansi popanda chowonongeka.

Muone pamenepo. Ntchito iliyonse ya manja ili ndi mbali yosafuna kusokonezedwa ndi mbali yolola kusokonezedwa. Yoyambayo ipezereni maola awiri amene nyumba ili zii. Inayo chitirani pakati pa anthu, mukucheza. Ambiri timalakwitsa posakaniza, kenaka timakalipira ana osalakwa.

Inu oumba mukudziwa kuposa ine kuti mbiya ikauma mofulumira imang'aluka, chifukwa kunja kwauma mkati mukadali madzi. Fundikani ndi thumba lonyowa, ikhale m'nyumba masiku oyamba. Koma musazengereze kuwotcha, mvula ikagwa mu Novembala nkhuni zanyowa ndipo pabwalo pali matope. Osema, mtengo wauwisi ukaugoneka padzuwa lino umang'ambika kumapeto, mukwa womwe umatero. Ojambula ndi penti ya acrylic, imakuumirani pa bulashi musanafike nayo pansalu, ndiye finyani pang'onopang'ono ndipo kabotolo kopopera madzi kakhale pafupi. Osoka ndi makina a malaiti, inu 2024 inakuphunzitsani kale. Chilala chija chitatsitsa madzi ku damu la Kariba kumene malaiti amachokera, nyumba zambiri zinkaona malaiti maola atatu okha patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ndikudziwa azimayi amene ankadzuka 1 koloko kusoka, m'mawa n'kumawodzera pa mbaula. Amene anasunga makina akale opalasa ndi mwendo aja ndiwo ankagona tulo. Musawagulitse.

Ndibwere kwa ana. Miyezi ino a Giredi 7 ndi a Giredi 12 ali pa mayeso. Ngati m'nyumba muli nyale imodzi ya sola, ndi ya mwana wolemba mayeso, nsalu idikire. Anyamata oimba, ndikuyang'ana inu: mng'ono wanu akuwerenga chipinda chinacho, sipika ili pamwamba. Mwezi umodzi wokha, kayeserereni kwa mnzanu.

Disembala akatsekera ndiye nkhani ina. Ndipo tchuthi sichimatha nthawi zonse tsiku lolembedwa pa kalendala. Mukukumbukira kolera ija, masukulu amene amayenera kutsegulira pa 8 Januwale 2024 anatsegulira pa 12 Febuluwale. Milungu isanu yowonjezera, ana ali m'miyendo. Amene tinkati ntchito tidzayamba ana akapita kusukulu tinalinda madzi apite.

Ana apatseni gawo, koma mwanzeru. Wanga wachisamba amamanga mfundo bwino kundiposa, zala zake n'zazing'ono. Ndimamulipira pa nsalu iliyonse, ndalama yochepa koma ya m'manja mwake, ndipo ikakwana nthawi yosewera amapita. Wachiwiri safuna n'kumva komwe, mtima wake uli ku mpira, ndipo ndinasiya kumukakamiza. Iye amatunga madzi, basi. Chimene ndikukupemphani azimayi anzanga, mwana wamkazi wamkulu asasanduke mlezi wa tchuthi chonse kuti inu mumalize maoda. Nayenso watsekera. Ine ndine woyamba kubadwa kwa amayi anga, tchuthi changa chonse chinkathera kumsana kuli mwana, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena.

Pali zinthu zimene mwana sayenera kuyandikira n'komwe. Ife a tie and dye timagwiritsa ntchito kositiki soda ndi haidulosi, mankhwala osakaniza ndi utoto. Kositiki amaoneka ngati shuga kapena mchere wa miyala, ndipo akasungunuka amangokhala ngati madzi. Nyengo ino mwana amabwera kosewera kukhosi kuli gwa, amagwira botolo lililonse limene waliona. Musathire mankhwala m'botolo la chakumwa, ngakhale mukuti ndi kwa mphindi zisanu. Akhale m'chitini chotseka, cholembedwa, pamwamba, kapena m'bokosi la loko. Ngozi ikachitika, mwana wamwa, musamusanzitse, chifukwa mankhwalawo amawotcha potsika n'kuwotchanso pokwera. Thamangani naye kuchipatala, chitinicho mutenge kuti adokotala aone. Akadonthera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenaka kuchipatala. Chimodzimodzi thina wosungunulira penti ndi vanishi kwa inu osema, ndi malezala kwa osoka. Poto wa phula kapena wa utoto asabwererenso kukhitchini.

Azibambo, mwakhala chete kwambiri. Bambo akanyamula sompho ndi tchizulo kupita ku Kabwata Cultural Village, m'tinyumba tozungulira tija, palibe amene amafunsa, aliyense akudziwa kuti apita kuntchito. Akabwera mdima utagwa madzi osamba ali okonzeka. Mayi akatenga singano amati akungotayitsa nthawi, ndipo amamuitana kuti adzapereke mchere umene uli pamphuno pa woitanayo. Mukuseka, koma mukudzidziwa. Ngati akazi anu ali ndi luso, Loweruka m'mawa tengani ana, maola atatu okha, muone chimene chituluke m'manja mwawo. Ndipo inu amene Disembala yense mumakhala ku maukwati kuimba, sankhiranitu tsiku limodzi pa sabata loti ana akuoneni masana muli maso, osati mukungogona pampando. Mukalilonjeza musaligulitse ngakhale wina abwere ndi ndalama.

Alendo. Akulu anati mlendo ndi mame, koma wa Disembala mu Lusaka muno mame ake sakamuka msanga. Atsika basi ya ku Chipata pa Intercity ndi thumba la mtedza, ati masiku atatu, Chaka Chatsopano chiwapeza. Sitingawathamangitse, ndi athu, ndipo ifenso mu Ogasiti tikapita ku Kulamba ku Mkaika timagona m'nyumba zawo. Chimene ndinaphunzira kwa apongozi anga n'chakuti mlendo wa kumudzi sadana ndi ntchito, amadana ndi kumusiya yekha pa sofa ngati katundu. Muuzeni tsiku lomwe wafika kuti m'mawa mumakhala kuseri, ndipo akafuna abwere. Azakhali anga anandiphunzitsa kamangidwe kena ka mfundo atakhala pa mpasa, akundiseka kuti a m'tauni timathamanga ngati tikuthawa njuchi.

Za ndalama ndidutsa mwachangu, poti aliyense ali ndi thumba lake. Disembala amanamiza. Pa msika wa Lamulungu ku Arcades katundu amayenda, maoda amabwera, umadziona ngati bwana. Januwale ndi Febuluwale kuli zii, mvula ikugwa, nsalu siziuma, ndipo ngakhale kuyambira 2022 m'masukulu a boma sitilipira fizi, yunifomu, nsapato ndi makope zimafuna ndalama. Ine ndili ndi zitini zitatu: cha nsalu ndi utoto wa ku Kamwala, cha m'nyumba, ndi cha Januwale chimene makiyi ake amasunga bambo. Za feteleza wa kumudzi timagwirizana mu Seputembala kuti tidzatumiza zingati, foni isanalire. Oda yopanda dipoziti sindiyamba. Ndipo pofika pa 15 Disembala ndimatseka buku, wobwera pambuyo pake ndimamupatsa dzina la mnzanga. Chaka choyamba zinandiwawa kuona ndalama ikutuluka pageti. Koma Khirisimasi imeneyo ndinadya mpunga ndi nkhuku manja anga alibe utoto wa buluu, ndipo mwana wanga anazindikira yekha, anati, "Amami, lero zala zanu zaoneka."

Chinthu china chimene maoda amadya mwakachetechete ndi luso lenilenilo. Ukamangopanga zimene kasitomala walozera pa foni, chaka chikatha umapeza kuti manja akudziwa ntchito koma mutu wauma. Ndiye pa tchuthi chilichonse ndimapanga nsalu imodzi yopanda mwini, yoyesera mitundu imene palibe anaitanitsa. Ndimatenganso ana tsiku limodzi kupita ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds. Tayali uja, katswiri wojambula ndi wosema, anamwalira mu 1987, koma chosema chake cha The Graduate chikadali chiimire pa yunivesite ya UNZA. Wa mpira uja ankangoyasamula ulendo woyamba. Ulendo wachiwiri anaima nthawi yaitali pa chithunzi china cha msika, n'kunena kuti mayi wogulitsa tomato amujambula manja aakulu dala. Sindinamuyankhe, ndinangomusiya ayang'ane.

Amayi a pampando ayamba kuyang'ana wotchi. Nsalu iyi ndanyamulayi ndi imodzi mwa zitatu zija, onani pamene moto unadutsa, fungo lake silinathe mpaka lero. Iyendetseni, iyambire kwa agogo apa, ifike ndi kumbuyo kwa anyamata. Amene mukufuna kuona kapakidwe ka phula bwerani Lachiwiri, koma paja ndanena nthawi yake, 4 koloko m'mawa. Mubwere ndi magolovesi anu, anga ndi peya imodzi.