Sitikugulanso Nyimbo, Nanga Oyimba Akudya Chiyani?

(Chithunzi: dzanja likukulunga tepi ya kaseti ndi bolopeni)

Amene mwazindikira zimene zikuchitika apazi, musabise zaka zanu. Wailesi ikatafuna tepi, munthu unkatenga bolopeni n'kuyamba kukulunga pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba kuti isaduke. Kasetiyo unali utaigula ndi ndalama zako, ndipo mnzako akaibwereka osabweza, chinzake chinkathera pomwepo. Lero nyimbo zonse za woyimba yemwe uja zili m'foni, ndipo ambirife sitikukumbukira n'komwe tsiku limene tinagula nyimbo komaliza. Takulandirani, abale anga. Lero titsate ndalama ya nyimbo, tione kumene inkadutsa kale ndi kumene ikudutsa tsopano.

Kale malondawa anali osavuta kuwamvetsa. Nyimbo inali katundu wogwirika, ngati sopo kapena nsalu. Kampani inkalipira situdiyo, n'kuchulukitsa chimbalecho pa makaseti kapena pa ma CD, n'kuchitumiza m'masitolo. Amene anali ndi makina ochulukitsira komanso magalimoto onyamulira ndiye anali bwana. Kuno kwathu amene anakula m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira dzina la O.G. Issa ku Limbe, ndi kachizindikiro konyezimira ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, kamene kankamatidwa pa kaseti posonyeza kuti si yakuba. Ku America malonda omwewa anafika pachimake mu 1999, pamene makampani anapeza ndalama zokwana $14.6 biliyoni m'chaka chimodzi. Chinsinsi chawo chinali chakuti iwe unkafuna nyimbo ziwiri zokha, koma unkakakamizika kugula chimbale chonse cha nyimbo 12.

(Chithunzi: kompyuta yakale, ya chimutu chachikulu)

Chimene chinagwetsa nyumbayi sichinachokere kwa oyimba ayi. Akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany anapeza njira yopanikizira nyimbo kuti ichepe pafupifupi kakhumi, pochotsamo timawu timene khutu la munthu silimva bwino. Imeneyi ndiyo MP3. Nyimbo itachepa choncho, inatha kudutsa ngakhale pa intaneti yoyenda ngati kamba ya masiku amenewo.

Kenako mu June 1999 mnyamata wa zaka 18, Shawn Fanning, amene ankaphunzira pa yunivesite ina ku Boston, pamodzi ndi mnzake Sean Parker, anatulutsa pulogalamu yotchedwa Napster. Mvetsetsani mmene inkagwirira ntchito, chifukwa nzeru yake inali pamenepa. Napster sinkasunga nyimbo. Inkangosunga mndandanda wa nyimbo zimene zinali m'makompyuta a anthu. Iwe ukalemba dzina la nyimbo, inkakulozera kwa munthu amene ali nayo, kaya ali ku Chicago kaya ku London, n'kuikopera kuchokera kwa iyeyo. Kwaulere. Kaseti ukaikopera kawiri katatu mawu ankayamba kulira ngati ali m'chitini, koma MP3 ya chikwi chimodzi inkamveka chimodzimodzi ndi yoyamba.

Makampani anathamangira kukhoti. Bungwe lawo, RIAA, linasumira Napster mu December 1999, gulu loyimba la Metallica nalo linasuma mu 2000, ndipo pofika July 2001 Napster inali itatsekedwa. Koma madzi akatayika saoleka. Kunabwera Kazaa, kunabwera LimeWire, ndipo izi zinali zovuta kwambiri kuzigwira. Kuyambira mu 2003 makampani anachita chinthu chimene ine ndimati chinali kupsa mtima chabe: anayamba kusumira omvera enieniwo, ana asukulu, makolo, anthu masauzande ambiri. Taganizani wogulitsa tomato pamsika akukokera makasitomala ake kupolisi mmodzimmodzi. Anasiya zimenezi cha kumapeto kwa 2008, malonda akungotsikabe.

Amene anaona poyamba kumene mphepo ikulowera anali wogulitsa makompyuta. Steve Jobs wa Apple anali atatulutsa kale iPod, kachipangizo komverera nyimbo, mu 2001, ndipo mu April 2003 anatsegula sitolo ya nyimbo ya iTunes. Nyimbo iliyonse masenti 99, ndipo m'sabata yoyamba yokha anagulitsa nyimbo 1 miliyoni. Apa zinaoneka kuti anthu ambiri sankaba chifukwa chokonda kuba. Ankafuna nyimbo imodzi, nthawi yomweyo, popanda kukwera basi kupita kusitolo. Koma makampani analira mvula n'kulira matope: chimbale chinaphwasuka. Munthu uja amene ankagula CD yonse tsopano ankangotola nyimbo ziwiri zimene akufuna, n'kupereka madola awiri osakwana. Ndalama za makampani padziko lonse zinapitiriza kutsika mpaka 2014, ndipo ku America zinali zitachepa ndi theka.

(Chithunzi: mapu, chala chikuloza kumpoto kwenikweni)

Mankhwala anachokera kumene matenda anali atakula kwambiri. Dziko la Sweden ndi kumene kunabadwira The Pirate Bay, tsamba lotchuka pa nkhani yokopera zinthu mosaloledwa. Komweko, mumzinda wa Stockholm, Daniel Ek ndi Martin Lorentzon anayambitsa Spotify mu 2006, n'kuitsegulira anthu mu October 2008. Maganizo awo anali akuti wakuba sungamugonjetse pomuopseza, koma pomupatsa njira yachilungamo imene ndi yosavuta kuposa kubako. Ukadina nyimbo, iyambe pompo, popanda kudikira kuti ilowe yonse, popanda mavairasi. Wosafuna kulipira amve zotsatsa malonda pakati pa nyimbo, wolipira pamwezi amve mosadodometsedwa. Zimenezi ndi zimene amati streaming. Makampani akuluakulu anavomera, koma osati ndi manja awiri okha: anatengako magawo a umwini mu Spotify momwemo. Apple Music inatsatira mu 2015, ndipo YouTube, imene Google inagula mu 2006, inali itasanduka kale wailesi ya dziko lonse.

Kwa makampani zinthu zinayendadi. Bungwe la IFPI, loimira makampani a nyimbo padziko lonse, linalengeza kuti mu 2023 nyimbo zojambulidwa zinabweretsa $28.6 biliyoni padziko lonse, ndipo pa madola atatu aliwonse, awiri anachokera ku streaming. Makampani atatu, Universal, Sony ndi Warner, ndi amene agwira gawo lalikulu la msikawu.

Tsopano tafika pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale oyimba amene, amasokonezeka. Mumamva anthu akufunsa kuti, kodi Spotify imalipira zingati munthu akamvera nyimbo kamodzi? Mtengo woikika wotero kulibe. Chimene chilipo ndi mphika. Mwezi uliwonse, m'dziko lililonse, ndalama za olipira ndi za otsatsa malonda zimathiridwa mumphika umodzi. Spotify imatapa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, zotsalazo n'kugawira eni nyimbo potengera kuti pa nyimbo zonse zimene zamvedwa mwezi umenewo, zako zinali zingati. Tingoyerekeza: ngati m'dziko lina nyimbo zamvedwa maulendo 1 miliyoni, ndipo zako ndi 1,000, iwe utenga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mphikawo. Mphika ukakhala waukulu, wadya. Ukakhala waung'ono, wangonyambita.

Mwaona chimene chikutuluka pamenepa? Ndalama imene inu mwalipira sipita kwa woyimba amene mwamumvera. Mukhoza kumvera woyimba mmodzi wa kwanu mwezi wathunthu, koma ndalama yanu ikalowa mumphika, gawo lalikulu lipita kwa akuluakulu amene amvedwa kwambiri. Chachiwiri, kumene omvera ako ali n'kofunika kwambiri. Ku America munthu amalipira madola oposa 10 pamwezi, pamene m'mayiko ambiri a mu Africa mtengo ndi wotsika kwambiri, ndiponso ambiri amamvera zaulere. Choncho Mmalawi mmodzi amene akumvera nyimbo yako ali ku Manchester amakubweretsera ndalama yochuluka kuposa mnzake amene akuimvera ali ku Mchesi, ngakhale wa ku Mchesiyo ndi amene amaiyimba mawu onse pamtima.

Palinso timalamulo timene tasintha mmene nyimbo zimapekedwera. Nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikadutsa masekondi 30. N'chifukwa chake zoyamba ndi gitala kwa mphindi yathunthu, woyimba asanatsegule pakamwa, zija tinkazikonda pa wailesi, zikusowa. Masiku ano kolasi imabwera msanga, munthu asanadine ina. Ndipo kuyambira mu 2024, nyimbo imene sinamvedwe maulendo 1,000 m'miyezi 12 siilandira kanthu kuchokera mumphika wa Spotify wa zojambula.

Ndalama ikachoka mumphika, sikuti imagwera m'thumba la woyimba. Nyimbo iliyonse ili ndi umwini pawiri. Pali umwini wa amene anapeka mawu ndi kayimbidwe, ndipo pali umwini wa chojambulidwa chenichenicho, chimene m'situdiyo amachitchula kuti master. Gawo lalikulu limapita kwa mwini master, ndipo kwa woyimba amene anasaina ndi kampani, mwini wake nthawi zambiri ndi kampaniyo. Imayamba yabweza ndalama zimene inawononga pa iye, kenako n'kumupatsa gawo lake. Taylor Swift, amene ndi mmodzi mwa oyimba olemera kwambiri padziko, analimbana ndi nkhani yomweyi. Zimbale zake zisanu ndi chimodzi zoyamba zitagulitsidwa kwa ena mu 2019, iye anabwerera m'situdiyo n'kujambulanso zinayi mwa izo kuti akhale ndi zakezake, mpaka mu 2025 anagula zoyambazo. Ngati wotereyu anatuluka thukuta, nanga mnyamata amene wasaina pepala asanaliwerenge?

Ubwino ulipo, tisaname. Chipata chimene kale chinali ndi mlonda tsopano chili pululu. Kudzera kwa ogawa nyimbo monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, munthu amene wajambula nyimbo kuchipinda kwake akhoza kuiyika pa Spotify, Apple Music ndi kwina konse m'masiku ochepa, master n'kukhalabe yake. Vuto lake, aliyense wadutsa pachipata chomwecho. Nyimbo zatsopano pafupifupi 100,000 zimalowa tsiku lililonse. Kale chovuta chinali kutulutsa nyimbo, lero chovuta ndi kumvedwa, ndipo alonda atsopano ndi amene amasanja mindandanda ya nyimbo, komanso kompyuta imene imakusankhira nyimbo yotsatira. TikTok nayo yalowerera. Universal inachotsako nyimbo zake mu February 2024 pokangana za malipiro, koma pofika May inali itabwerera.

(Chithunzi: kashopu kapamsika, sipika ili panja)

Kwathu kuno nkhaniyi inayenda njira yakeyake. Ife Napster sitinaione. Napster wathu anali mnyamata wa pamsika wokhala ndi kompyuta, amene umamupatsa memori khadi kapena fulashi, iye n'kukudzazira nyimbo mahandiredi pa ndalama yochepa. Kenako Bluetooth, kenako WhatsApp. Msika wa makaseti ndi ma CD unafa chimodzimodzi ngati kunja, koma mphika wolowa m'malo mwake unachedwa. Boomplay inayamba ku Nigeria mu 2015 ndipo inafala chifukwa inkabwera ili kale m'mafoni a Tecno. Spotify inafika ku South Africa mu 2018, ndipo ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe inafika mu 2021. Koma streaming imadya bandulo, ndipo munthu amene wagula bandulo ya tsiku limodzi amaona chanzeru kudawuniloda nyimboyo kamodzi n'kuisunga. Simungamunene, masamu ake ndi olondola. N'chifukwa chake oyimba ambiri kuno amaitenga nyimbo ngati nyambo, ndalama yeniyeni n'kumaipeza ku mashoo, ku maukwati ndi kwa makampani amene amawalemba ntchito yowatsatsira malonda. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linatsegulanso njira ina: kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo zimene zikulowa m'dziko, kamene COSOMA imagawira aluso.

Za agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu mukuzidziwa. Nyimbo yawo ya Linny Hoo, imene anaiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inagwira moto pa TikTok, anthu a m'mayiko akutali amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa akuvina nayo, mavidiyo ake n'kuonedwa maulendo mamiliyoni ambirimbiri. Panthawiyo eni akewo anali ndi zaka zoposa 90, ali pakhomo pawo kumudzi. Funso limene anthu anafunsa nthawi imeneyo linali lakuti agogowo apindulapo chiyani, ndipo yankho la funso lotere, kwa woyimba aliyense, limagona m'zolemba. TikTok ndi YouTube sizimudziwa munthu pankhope. Makompyuta ake amamvetsera nyimbo, n'kuiyerekeza ndi zimene zinalembetsedwa, n'kutumiza ndalama kwa amene dzina lake lili pa kaundula. Nyimbo iliyonse yotulutsidwa moyenera imakhala ndi nambala yake ya zilembo ndi manambala 12 yotchedwa ISRC. Ngati anaiyika pa intaneti ndi mnzanu wa ku Johannesburg pa akaunti yake chifukwa inu munalibe khadi la kubanki, ndalamayo izipita kwa iyeyo, ndipo kuti ikufikeni zidalira mtima wake.

Mu vidiyo yotsatira titenga nyimbo imodzi yongopeka, ya woyimba, wopeka mawu ndi wopanga biti, tilembe pabolodi mmene atatuwa angagawanirane asanatuluke m'situdiyo. Amene muli ndi pangano limene munasaina koma simulimvetsa, likhale pafupi, tidzaliwerengere limodzi.