Makalata Anu: Zigawenga za ku Cabo Delgado Zikuwafuniranji Mafumu ndi Alembi a Boma?

Takulandirani omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Namwera m'boma la Mangochi, ndipo ikunena za Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique. Iwo akuti: "Achimwene, alamu anga ankagwira ntchito ya ulembi pa ofesi ya boma ku Cabo Delgado. Adathawa usiku, kusiya nyumba ndi munda, atamva kuti zigawenga zikufunsa dzina lawo. Mfuti sadaigwirepo chibadwire. Adalakwanji?"

Mayi, pepani kwambiri. Alamu anuwo sadalakwe kanthu. Chowasakira n'chakuti kumudzi boma limaoneka kudzera mwa iwo. Anthu ambiri nduna sadaionepo. Amene amawadziwa ndi mfumu, mlembi, mphunzitsi ndi wapolisi. Zigawengazi, zomwe anthu akumeneko amazitcha al-Shabab ngakhale si gulu la ku Somalia lija, zidayamba pa 5 Okutobala 2017 pothira nkhondo maofesi a polisi ku Mocímboa da Praia. Mu Malichi 2020 zidalowa m'tauni ya Quissanga, n'kukweza mbendera yawo pa polisi. Kulikonse zikafika zimathamangira nyumba za boma.

Mlembi amadziwa mabanja onse, amadziwa mnyamata amene wasowa pamudzi ndi mlendo amene wafika dzulo. Kwa zigawenga, munthu wotere ndi maso a boma. Akaphedwa mmodzi, anzake m'midzi yoyandikana amathawa, ndipo otsala amasowa wodandaulira. Chimene chimandiwawa ine ndi mapepala. Ofesi ikapsa, kaundula amapsera momwemo. Mayi wothawira ku Pemba, likulu la chigawochi, wopanda chiphaso amavutika pa malo ofufuzira a asilikali, mwinanso kuganiziridwa kuti ndi kazitape, chikhalirecho ndiye wolira.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Nsanje. Akuti: "Nthawi ya nkhondo ya Renamo tidalandira anzathu ochuluka kuno. Koma mfumu yothawa n'kusiya anthu ake, ufumu wake uli pati?"

Bambo, mwakumbutsa zoona. Malawi idasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi nthawi imeneyo, ndipo alembi a Frelimo m'midzi ya ku Mozambique ankasakidwa chimodzimodzi. Koma pa zakuthawazi sindikugwirizana nanu. Mfumu ya ku Cabo Delgado ili pakati pa moto uwiri: ikauza asilikali zimene yaona, zigawenga zimabwera usiku, ikakhala chete, asilikali amati ikudyera limodzi ndi adani. Ku Xitaxi, m'boma la Muidumbe, anyamata 52 adaphedwa mu Epulo 2020 chifukwa chokana kulowa gululo. Ngati achinyamata adaphedwa chomwecho, nkhalamba yonyamula ndodo yokha ingaime bwanji?

Asilikali a Rwanda adathandiza kulanditsa Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2021, koma a SADC adachoka mu 2024 ziwembu zisadathe. Ndipo kumapeto kwa 2021 zigawengazi zidafika ku Mecula m'chigawo cha Niassa, chomwe chimachita malire ndi Mangochi kumene mayi athu aja alembera.

Pitirizani kutilembera. Tipume kaye pang'ono, tikabwera tiwerenga kalata yochokera ku Mchinji.