Kota Inchi si 1:50 Ayi! Taonani Mmene Malata Amaperewera

Moni nonse abale anga, tili kuno ku Mangochi, dzuwa likuswa mtengo koma ntchito siyima. Ngati mumajambula nyumba pa kompyuta, kapena m'bale wanu wa ku Joni wakutumizirani pulani pa WhatsApp kuti mupatse amisiri, musachoke. Lero tikamba mfundo zisanu za miyezo ndi sikelo ya pulani. Dinani subscribe, tiyambe.

Zoyambira mwachangu: inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, futi imodzi ndi mamilimita 304.8. Sikelo ya 1:100 ikutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pamalo omangapo.

Choyamba, sankhani muyezo, kaya mamilimita kaya mainchesi, musanalembe mzere uliwonse. Mu pulogalamu yojambulira ya SketchUp pitani pa Model Info kenako Units. Mu pulogalamu ya AutoCAD lembani UNITS.

Chachiwiri, jambulani kukula kwenikweni. Khoma la mamita 4 mulembe mamilimita 4000. Za sikelo zimabwera pomaliza, pokonza pepala.

Chachitatu. Apa ndiye khalani pansi, chifukwa nkhani iyi imandipweteka mtima. Pali bodza lomwe lafala pakati pa amisiri, lakuti pulani ya ku America yolembedwa kuti kota inchi ikuyimira futi imodzi, mutha kungoiwerenga ndi rula ya sikelo ya 1:50, akuti n'zofanana. Sizofanana! Werengani nane. Mu inchi imodzi muli makota anayi, mu futi muli mainchesi 12. Ndiye 4 kuchulukitsa ndi 12 ndi 48. Sikelo imeneyo ndi 1:48.

Wina akuti, aa, kusiyana ndi 2 yekha? Taonani pa sikirini apa. Khoma la mafiti 40 papepala litenga mainchesi 10, omwe ndi mamilimita 254. Mukawerenga ndi 1:50 mupeza mamilimita 12,700, pomwe khomalo ndi la 12,192. Mwawonjezera mamilimita 508, theka la mita! Njerwa zake, simenti yake, mchenga wake, alipira ndani?

Ndinaziona ndi maso anga cha ku Namwera. Mlamu wanga anagula malata a mafiti 12 monga pulani inanenera, popeza kuno malata timagula m'mafiti ngakhale poloti timayeza m'mamita. Amisiri anali atayeza zonse ndi rula ya 1:50, denga linatuluka mafiti 12 ndi theka. Atakhoma lata loyamba, thabwa la m'munsi linatsala pamtunda, mainchesi 6 athunthu. Mlamuyo anangogwira njakata, ndalama anali atazivutikira zaka ku Johannesburg.

N'chimodzimodzinso 1/8 inchi pa futi: imeneyo ndi 1:96, osati 1:100. Ndipo ndikupempheni, pamene pulani yalemba nambala, tsatirani nambalayo, rula isiyeni. Amene zinakuchitikiranipo lembani mu ndemanga, ndikufuna ndimve za ku Monkey Bay ndi ku Makanjira. Loweruka lililonse ndimaphunzitsanso achinyamata kujambula, ofuna nditumizireni uthenga.

Chachinayi, mukalandira fayilo yojambulidwa m'mainchesi n'kuilowetsa mu yanu ya mamilimita, nyumba ikaoneka ngati kabokosi ka machesi, gwiritsani lamulo la SCALE mu pulogalamuyo muikuze ka 25.4. Kenako yezani chitseko. Cha mainchesi 32 chiyenera kupereka mamilimita pafupifupi 813.

Chachisanu, kopulintitsa. Mukafika pa shopu pa boma paja, auzeni achotse Fit to page, aike 100%. Pulani ya A3 ikafinyidwa pa A4 imatsala pa 71%, sikelo yolembedwa pansi ija yatha ntchito. Ine ndimaika kamzere koyimira mamita 5 pakona ya pepala. Pa 1:100 kayenera kukhala masentimita 5, muyeze ndi rula muli pomwepo musanalipire.

Vidiyo ya sabata yamawa tiwerengera limodzi malata a denga la nyumba ya zipinda zitatu. Iyi itumizeni kwa amisiri anu lero lomwe.